Tisanakumbe mjigo, tiyambe tadziwa za pansi pa nthaka

Palibe cinthu cowawa pamudzi ngati kuona galimoto yokumba mjigo ikupakira zitsulo zake ndi kubwerera kumene inacokera, pamene pansi yasiya dzenje louma ndi mulu wa fumbi loyera. Ndalama zapita. Mwina zinali zopereka za akhristu a m'miphakati, mwina za kilabu ya amai a madimba, mwina za CDF zimene mudzi unadikira nthawi yaitali. Amai amabwerera ku dambo ndi zigubu zao, ndipo pamudzi pamatsala kulozana zala. Ena amati okumba anafulumira kuleka, ena amati a nyakwawa analoza malo olakwika, enanso amati pali amene anatseka madziwo ndi mankhwala.

Nkhani ya mijigo yakula kwambiri kucokera pa cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la cilala. Boma linanena kuti maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Kuno kum'mawa, kuyambira kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje mpaka kwa Pembamoyo ku Vubwi, tonse tinaona kuti amene anali ndi dimba la madzi osaphwa ndiye anapulumutsa banja lake. Conco lero aliyense afuna mjigo, ndipo amene ali ndi kangacepe afuna kuikapo pampu ya sola kuti azithirira tomato, repu ndi cimanga ca m'dimba.

Funso ndi lakuti, kodi munthu angadziwe bwanji pamene pali madzi asanataye ndalama? M'maiko ena akatswiri akupanga makina opimira amene m'Cingelezi amawachula kuti quantum sensors, pamodzi ndi mapulogalamu a pa kompyuta oyeserera mmene makinawo adzagwirire nchito. Dzinalo ndi lacilendo, koma ena mwa makinawo ali kale m'moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. M'nkhani ino ndifuna tione kuti makinawa ndi otani, angathe ciani, ndiponso cifukwa cake phindu lao kwa ife alimi lidzadalira pa kabuku kamene mudzi uliwonse ungayambe kulemba mawa lomwe.

Kumene madzi athu amabisala

Mbali yaikulu ya Katete, Sinda ndi Vubwi yakhala pa thanthwe lakale kwambiri, la miyala yolimba ya mtundu wa granite ndi gneiss, monga imene timaona pa mapiri a Mphangwe. Thanthwe lotere silimwa madzi ngati mcenga. Pansi pathu palibe nyanja yobisika imene munthu angaipeze paliponse pamene wabowola. Madzi amakhala m'malo awiri, m'dothi ndi miyala yofumbutuka imene ili pamwamba pa thanthwe, ndiponso m'ming'alu ya thanthwelo. Ndico cifukwa cake mjigo wa pasukulu ungatulutse madzi caka conse, pamene wa kuseri kwa mseu, mtunda wocepa cabe, uli gwaa. Wina unagwera pa mng'alu, wina unauphonya.

Mu 2012 akatswiri a British Geological Survey anatulutsa mapu a madzi a pansi pa nthaka a Africa yonse. Anapeza kuti madziwo ndi oculuka ndithu, koma anacenjezanso kuti m'malo ambiri mijigo ingakwanitse pampu ya manja, pamene mjigo wopereka madzi ambiri othirira munda waukulu supezeka wamba popanda kufufuza bwino. Anzanga amene muganiza zogula pampu ya sola, mau awa muwamve bwino.

Makolo athu anali ndi zizindikiro zao. Anali kuyang'ana mkuyu umene umakhala wobiriwira mu Okutobala, udzu wa m'mphepete mwa dambo, ndi malo amene nthaka imacedwa kuuma. Zizindikiro izi zili ndi nzeru, makamaka pokumba citsime ca manja. Aliponso ena amene amayenda ndi kamtengo ka mphanda kapena mawaya awiri m'manja, koma pamene njira imeneyi yayesedwa mosamala sinaonetse kuti iposa kungoganizira. Njira imene akatswiri amagwiritsa nchito kawiri-kawiri ndi yokhoma tizitsulo pansi ndi kulowetsa mphamvu ya magetsi m'nthaka, popeza dothi lonyowa limapititsa magetsi mosabvuta kuposa thanthwe louma. Njira iyi imathandiza kwambiri, ngakhale kuti nayonso nthawi zina imanamizidwa ndi dongo, cifukwa dongo lonyowa limapititsa magetsi bwino koma silimasula madzi ake kuti alowe mu mjigo.

Meda imene palibe angaifinye

Tsopano tibwere ku liu lija lakuti quantum. Zinthu zonse, kaya mwala, madzi kapena thupi la munthu, zinapangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Mu 1900 Max Planck wa ku Germany anapeza kuti tinthu timeneti timapereka ndi kulandira mphamvu m'miyezo yathunthu. Atomu ili ngati wogulitsa amene amapima ndi meda yodzaza cabe, theka la meda salidziwa. Mphamvu ikakwana muyezo wake imailandira, ikaperewera imaikana.

Ife alimi tidziwa zimene zimacitika pa malonda. Meda ya wogula imakhala yotupa, ya wogulitsa yofinyika, ndipo sikelo ya ena ogula soya m'midzi sinena zoona nthawi zonse. Muyezo wa atomu palibe angaufinye. Atomu ya citsulo cochedwa caesium imene ili ku Lusaka ndi yofanana ndendende ndi imene ili ku London, ndipo siitopa kapena kukalamba. Pa cifukwa ici, mu 1967 maiko anagwirizana kuti sekondi imodzi ndi nthawi imene mafunde a mphamvu ogwirizana ndi atomu ya caesium amagunda ka 9,192,631,770.

Nkoloko za maatomu, za caesium ndi za citsulo cina cochedwa rubidium, ndizo zili m'masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba. Mlangizi wa zaulimi akamapima munda wanu ndi foni, akudalira nkoloko zimenezi. Uthenga wa setilaiti umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, conco nkoloko ikaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, malire a munda wanu angasunthe mamita 300 ndi kukalowa m'munda wa mnansi, ndipo mlandu ungafike kwa amfumu.

Atomu imasintha pang'ono muyezo wake ikakhala pafupi ndi maginito, ndiponso imagwa pansi monga cinthu cina ciliconse ikasiyidwa. Amene angathe kuwerenga kusintha kumeneku ali ndi cipangizo copimira comva kwambiri, ndipo ici ndico cimene quantum sensor itanthauza. Sayansi yake si yadzulo. Bungwe la United Nations linasankha 2025 kukhala caka coikumbukira, patapita zaka 100 kucokera pamene Werner Heisenberg ndi anzake anaika maziko ake a masamu mu 1925.

Ndeke zouluka m'mizere

Anzathu a ku Vubwi amene ali ndi abale ku Mchinji akumbukira nchito imene a ku Malawi anaicha Kauniuni. Mu 2013 ndi 2014 ndeke zing'ono-zing'ono za kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics zinauluka motsika, m'mizere-mizere, pamwamba pa dziko la Malawi, ndipo zotsatira zake zinaperekedwa mu 2015. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024 boma linakhazikitsa nchito yofanana ndi imeneyi ya dziko lonse la Zambia, ndipo inapatsidwa kwa kampani ya Xcalibur. Colinga cake cacikulu ndi kudziwa kumene kuli miyala ya mtengo wapatali monga ya mkuwa.

Ndeke zogwira nchito yotere zimanyamula cipangizo comva maginito, ndipo kawiri-kawiri mkati mwake mumakhala kabotolo ka nthunzi ya caesium yomwe ija. Dziko lapansi lili ngati maginito aakulu, ndico cifukwa cake kampasi imaloza kumpoto. Miyala ina ili ndi tizidutswa ta citsulo timene timaonjezera mphamvu ya maginito pamalopo, ina ilibe. Cipangizoco cimamva kusintha kocepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 30,000 a mphamvu yonseyo. Manambala akasonkhanitsidwa, pamapu pamaoneka mizere imene thanthwe linasweka, kapena pamene mwala wina unalowa pakati pa unzake, ngakhale kuti pamwamba pali dothi ndi minda.

Timvetsetse bwino apa. Cipangizo ici siciona madzi, ndiponso siciona golide. Anzathu amene amasefa golide ku Vubwi asanamizidwe kuti ndeke inaona mphika wa cuma pansi pa munda wa uje. Cimene cimaoneka ndi kakhalidwe ka thanthwe. Koma popeza madzi athu amakhala m'ming'alu, mapu oonetsa kumene thanthwe linasweka ndi ofunika kwa wofuna madzi monga momwe alili kwa wofuna mkuwa. Amamuuza kumene angayambire kupima ndi magetsi kuja, m'malo moyenda-yenda m'thengo lonse.

Sikelo yopima nthaka

Cipangizo cina cimene cingadzathandize pa nkhani ya madzi ndi cimene cimapima mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Mango akathothoka amagwa cifukwa ca mphamvu imeneyi, koma siili yofanana paliponse. Pamene pansi pali thanthwe lolemera imakula pang'ono, ndipo pamene pali mphako kapena miyala yofumbutuka imacepa pang'ono. Mvula ikalowa m'nthaka m'dzinja, nthakayo imalemera. M'cilimwe madzi akamatsika, imapepuka.

Kusintha kwake ndi kocepa zedi. Madzi okwana mita imodzi kuya, atayalidwa pansi pa dera lalikulu, amasintha mphamvuyi ndi magawo 4 cabe mwa magawo 100 miliyoni. Kunena mwa cimanga, zili ngati kufuna sikelo imene ingazindikire kuti pa thumba la 50 kg pacoka kacidutswa kocepa kuposa njere imodzi yogawidwa pa 100. Makina akale opimira zimenezi ali ndi sipuling'i mkati, ndipo monga tidziwa ndi masikelo opacika pa mtengo, sipuling'i imatopa ndi kutanuka, conco imafunika kuikonza kawiri-kawiri.

Makina atsopano amagwetsa maatomu. M'kabokosi kocotsedwa mpweya wonse, kuwala kwa laser kumasonkhanitsa kamtambo ka maatomu a rubidium ndi kukaziziritsa mpaka pafupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, kuti maatomuwo aleke kuthamanga-thamanga. Kenaka amawasiya kuti agwe, ndipo laser imawaunika katatu ali pa ulendo wakugwa ndi kuwerenga liwiro limene dziko likuwakokera. Mark Kasevich ndi Steven Chu anaonetsa njira iyi ku Stanford, m'dziko la America, mu 1991. Mu 2020 makina otere opangidwa ku France anaikidwa pa phiri la moto la Etna ku Italy kuti azimva kuyenda kwa ciphalaphala ca moto pansi pake. Mu Febuluwale 2022 gulu la pa University of Birmingham ku England linalengeza kuti makina ao, amene amagwetsa timitambo tiwiri ta maatomu, kena pamwamba kena pansi, anazindikira ngalande ya mamita 2 m'lifupi ndi mamita 2 msinkhu imene inali pafupifupi mita imodzi pansi pa nthaka. Anacita izi panja, kunja kwa nyumba yoyesera zinthu, ndipo ici ndico cinali cacikulu pa nkhaniyo.

Bvuto la cipangizo comva kwambiri ndi lakuti cimamva zonse. Thiraki yodutsa pa Great East Road, mphepo yogwedeza mitengo, kutentha kwa masana, zonse zimalowa m'manambala. Ngakhale mwezi ndi dzuwa zimakoka nthaka tsiku lililonse ndi mphamvu yoposa ya mita imodzi ya madzi ija. Apa ndi pamene pamabwera nchito ya kompyuta.

Munda wacitsanzo wa m'kompyuta

Mlangizi akabwera ndi mbewu yatsopano, mlimi wanzeru sathamangira kubzala munda wonse. Amayamba waona pa munda wacitsanzo mmene mbewuyo icitira ndi dothi la kwao, ndi ng'amba, ndi mbozi. Opanga makina a quantum nao amacita cimodzimodzi, koma munda wao wacitsanzo uli m'kompyuta. Makina amodzi amadya ndalama zambiri ndi zaka zingapo kuti apangidwe, conco asanadule citsulo ciliconse amalemba m'pulogalamu malamulo a masamu a mmene atomu imakhalira, ndi kuyamba kufunsa. Laser ikaunika mocedwa pang'ono cidzacitika n'ciani? Nanga kukatentha? Nanga bokosi likagwedezeka m'galimoto pa mseu wa fumbi? Kompyuta imayesa njira zikwi-zikwi ndi kuonetsa imene ingapirire. Iyi ndi nchito yoyamba ya mapulogalamu amenewa.

Imodzi mwa mapulogalamu odziwika ndi QuTiP, imene inalembedwa ndi Robert Johansson ndi Paul Nation pogwirizana ndi Franco Nori wa ku bungwe la RIKEN ku Japan, ndipo inafalitsidwa mu 2012. Ndi yaulere. Wophunzira wa pa University of Zambia kapena Copperbelt University amene ali ndi kompyuta ndi intaneti angaitenge ndi kuyamba kuyesa, ngakhale asanaonepo makinawo ndi maso. Kulinso makampani amene malonda ao ndi mapulogalamu otere, monga Q-CTRL ya ku Sydney m'dziko la Australia, imene Michael Biercuk anayambitsa mu 2017. Mu 2025 kampaniyi inalengeza kuti inayesa ndeke ndi galimoto zimene zinadziwa pamene zili popanda GPS, pomva maginito a nthaka ndi kuyerekeza ndi mapu, ndipo pulogalamu ndiyo inali kucotsa cisokonezo cocokera ku zitsulo ndi magetsi a ndekeyo.

Pamenepa taona kale nchito yaciwiri, imene ndi kupeta. Monga mai amapeta mphale kuti gaga acoke, pulogalamu imacotsa m'manambala cikoka ca mwezi, kugwedezeka kwa mseu ndi kutentha, kuti patsale uthenga wa nthaka wokha.

Nchito yacitatu ndiyo yobvuta koposa, kusandutsa manambala kukhala cithunzi ca pansi. Mphako yaing'ono ya pafupi ndi mphako yaikulu yakuya zingapereke nambala yofanana. Kompyuta payokha singathe kusankha kuti yoona ndi iti. Imafuna umboni wocokera kwa amene anakumbapo kale pafupi, kuti thanthwe analipeza pa mamita angati ndipo madzi anawapeza pati. Ndi cimodzimodzi ndi MODFLOW, pulogalamu imene bungwe la United States Geological Survey linatulutsa mu 1984, imene akatswiri m'maiko ambiri amagwiritsa nchito poyerekeza mmene madzi a pansi amayendera. Pulogalamu yotere ingathandize kuyankha funso limene litikhudza kwambiri, lakuti mapampu a sola khumi akamakoka m'dambo limodzi, kodi zitsime za m'mudzi zidzaphwa mwezi uti? Koma yankho limakhala loona pokhapo ngati yapatsidwa manambala oona a dera limenelo. Wopereka gaga ku cigayo asayembekeze ufa woyera.

Umboni uli m'manja mwathu

Apa ndi pamene ife a kumudzi tikhala ofunika. Mijigo ya m'midzi yathu inakumbidwa ndi boma, mipingo ndi mabungwe osiyana-siyana pa zaka zambiri. Koma tayesani kufunsa a komiti ya V-WASHE kuti mjigo wao ndi wakuya mamita angati, madzi anapezeka pati, mudzaona kuti ndi ocepa angayankhe. Wouma uja ndiye palibe amaukumbuka. Dzenje limakwiriridwa, udzu umamera, ndipo patapita zaka galimoto ina imabwera kudzabowola pafupi pomwepo. Komatu kwa katswiri mjigo wouma ndi mboni yofunika mofanana ndi wamadzi, cifukwa umamuuza kumene mng'alu sunapite.

Ife a m'maparishi tidziwa mphamvu ya kaundula. Munthu amene anabatizidwa zaka 60 zapitazo akafuna kalata, timatsegula buku ndi kupeza dzina lake, tsiku, mudzi ndi amene anamuimira, cifukwa wina anakhala pansi ndi kulemba. Mijigo ndi zitsime zathu zifunika buku lotero.

Makina ogwetsa maatomu aja akali odula kwambiri, ndipo ambiri ali m'manja mwa mayunivesite ndi makampani aakulu. Tisalekerere nchito ya lero poyembekeza kuti adzafika mawa. Ndiponso ticenjere ndi amene amagwiritsa nchito dzinali pobera anthu. Pali tizipangizo tina tochedwa quantum timene munthu amakugwiritsa kacitsulo m'manja ndi kukuuza matenda onse a m'thupi pa kanthawi kocepa, kenaka n'kukugulitsa mankhwala odula. Zimenezo zilibe cibale ndi sayansi imene tikukamba pano, ndipo odwala apite ku cipatala. Wina akabwera ndi kabokosi kamene akuti kamaona madzi kapena golide pansi, mufunseni kuti kamapima ciani, ndipo alembe pa pepala zimene wapeza ndi kusaina dzina lake. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Zimene tingayambe caka cino

Coyamba, mudzi, parishi kapena kilabu isalole kubowola popanda kupima malo. Wopimayo asiye lipoti lolembedwa, loonetsa malo awiri kapena atatu amene wasankha ndi cifukwa cake. Ndalama ya kupima ndi yocepa poyerekeza ndi ya mjigo wouma.

Caciwiri, tifunse mapepala a okumba. Lamulo la Water Resources Management Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo malamulo a 2018 amafuna kuti wokumba mijigo akhale ndi laisensi ndi kuti mjigo ulembetsedwe. Pangano lilembedwe galimoto isanayambe nchito, ndipo linene poyera kuti mjigo ukatuluka wouma adzalipira ndani, ndi zingati. Safunsa anadya phula.

Cacitatu, okumba asacoke osasiya pepala loonetsa kuya kwa mjigo, mitundu ya dothi ndi miyala imene anadutsa, pamene anapeza madzi, kuculuka kwa madziwo pa sekondi kapena pa ola, ndi mapaipi amene anaikamo. Wacinyamata amene ali ndi foni alembe manambala a GPS a pamalopo. Izi zicitike ngakhale mjigo uli wouma. Pepala lina likhale ndi komiti, lina kwa a nyakwawa, lina lipite ku khonsolo.

Cacinai, tizipima zitsime zathu. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa anthu asanayambe kutunga, munthu mmodzi atsitse cingwe ca kamwala ndi kulemba kuti madzi ali pa mamita angati kucokera pakamwa pa citsime. Pa mjigo wa pampu ya manja, monga India Mark II, lembani kuti mupopa kangati kuti cigubu ca malita 20 cidzaze, ndi mwezi umene madzi amayamba kucepa. Pasukulu kapena pa parishi pakhale citini coongoka ndi rula yopimira mvula. Manambala a caka cimodzi amaoneka ngati opanda pake, koma a zaka khumi ndi cuma cimene ndeke kapena setilaiti singatipatse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacisanu, tilankhule ndi atsogoleri athu. Kucokera mu 2022, pamene CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, mijigo yambiri imakumbidwa ndi ndalama zimene ife tomwe timakambirana ku Ward Development Committee. Tipemphe makhansala ndi aphungu athu kuti nchito iliyonse ya mjigo ikhale ndi gawo la kupima malo, ndiponso kuti mapu a thanthwe ocokera ku nchito ya ndeke ija afike kwa akatswiri a madzi a m'makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi. Nthaka imene inapimidwa ndi ya tonse, conco nzeru yake isathere kwa ofuna migodi okha. Mafumu athu, amene amakumana kuno ku Mkaika pansi pa Kalonga Gawa Undi, ali ndi mau amphamvu pa nkhani ngati iyi.

Cacisanu ndi cimodzi, titeteze madzi amene tili nao. Madzi a mu mjigo ndi mvula yomweyo imene inalowa pansi. Kudula mitengo ya m'mapiri, kutentha thengo ndi kulima mpaka pakati pa dambo kumacititsa mvula kuthamangira ku mtsinje m'malo molowa m'nthaka. Cimbudzi ndi khola zikhale kutali ndi mjigo, mamita osacepera 30.

Potsiriza ndilankhule kwa makolo. Ana athu amene amakonda masamu ndi sayansi tiwalimbikitse, asungwana ndi anyamata omwe. Mapulogalamu ena amene ndachula pamwambapa ndi aulere, ndipo dziko lathu lifunika anthu odziwa kuwerenga mapu a thanthwe amene amadziwanso kuti dambo la kwao limaphwa liti. Katswiri wocokera kutali amabwera ndi makina, koma sadziwa mbiri ya citsime ca pamudzi pathu pokhapo titamuuza.

Abale ndi alongo, mutu umodzi susenza denga. Akatswiri apitirize nchito yao ya maatomu ndi makompyuta, ife ticite yathu. Pa msonkhano wotsatira wa mphakati, wa kilabu kapena wa kwa a nyakwawa, sankhani munthu mmodzi wodziwa kulemba, mumugulire buku ndi bolopeni, ndipo tsamba loyamba likhale la mijigo ndi zitsime zonse za m'mudzi mwanu, zamadzi ndi zouma zomwe. Akulu-akulu amene akumbukira caka cimene citsime ciliconse cinakumbidwa akali pakati pathu. Tiwafunse lero.